Nkhondo Itatha ku Mozambique: Anathandiza Ndani, Nanga Anathandiza Bwanji?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

Tamverani nonse amene mwatsegula wailesi madzulo ano: a ku Mua, a ku Golomoti, a pa Mtakataka pano, a m'mphepete mwa nyanja amene mukusoka maukonde, ndi inu a kumtunda ku Bembeke ndi ku Dedza boma.  Lero tikamba za dziko limene langotuluka m'nkhondo. Kodi mayiko ena amalithandiza bwanji kuti liimenso pa miyendo yake, nanga n'chifukwa chiyani amatambasula dzanja mozengereza? Chitsanzo sitikachifuna kutali. Tikamba za Mozambique, dziko limene limayambira kuseri kwa mapiri amene tikuwaona kumadzuloku.

Wina angafunse kuti nkhani ya akazembe ndi apulezidenti ikumukhudza bwanji munthu wolima chimanga ndi thonje kuchigwa kuno. Njanji imene imadutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka kulowera ku Chipoka ndi ku Salima inatsegulidwa mu 1935, chaka chomwecho chimene unatsegulidwa mlatho wautali wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi. Cholinga chinali chakuti zokolola za kuno zizikafika ku doko la Beira. Mu 1970 anawonjezera njanji ina yochokera pa Nkaya kudzera ku Nayuchi mpaka ku doko la Nacala. Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, choncho madoko onse awiri amene tili nawo pafupi ali m'dziko la eni. Kuwonjezera apo pali ubale wa magazi. Angoni a kwa Kachindamoto anatsikira kuno kuchokera ku mapiri a kumalire, ndipo Domwe, kumene Angoni a Maseko anakhazikika, lero ali m'boma la Angónia ku Mozambique. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadutsa pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi ndi mafuko amodzi.

Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, motsogoleredwa ndi chipani cha Frelimo ndi pulezidenti Samora Machel. Pasanathe zaka ziwiri nkhondo ina inabuka, tsopano ya pachiweniweni, pakati pa boma ndi gulu la Renamo, limene anthu ambiri ankangolitchula kuti a Matsanga. Gululi linayamba ndi thandizo la boma la azungu la Rhodesia, ndipo Zimbabwe itadziimira payokha mu 1980, linatengedwa ndi boma la tsankho la South Africa. Apa ndi pamene Malawi anapezeka pa malo ovuta. Boma la Dr Kamuzu Banda linali litakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, pamene mayiko ena a mu Africa ankakana kuyandikana ndi dzikolo. Atsogoleri a ku Maputo ankanena kuti asilikali a Renamo akudutsa ndi kubisala m'dziko lathu. Boma la Malawi linkakana. Koma kukayikirana kunali kutalowa kale pakati pa anansi.

Chowawa n'chakuti nkhondoyo inatipweteka ifenso. Pofika 1984 sitima zinali zitasiya kuyenda bwino ku Beira ndi ku Nacala komwe, ndipo pambuyo pake mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Katundu amene ankayenda makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Nacala anayamba kuzungulira pa malole kuchokera ku Durban, mtunda woposa makilomita 2,000, kapena kuchokera ku Dar es Salaam. Akuluakulu amene mukumvetsera mukukumbukira mmene mitengo ya feteleza, mchere ndi mafuta a nyale inakwerera zaka zimenezo. Mbali ina ya kukwerako inali mtengo wa ulendo wautaliwo.

Chaka cha 1986 ndiye chinali chowopsa. Pa 11 Seputembala, Samora Machel, Kenneth Kaunda wa Zambia ndi Robert Mugabe wa Zimbabwe anabwera ku Blantyre kudzakumana ndi Kamuzu maso ndi maso. Samora atabwerera kwawo ananena poyera kuti akhoza kutseka malire ndi kuika mizinga yoloza ku Malawi. Pa 19 Okutobala chaka chomwecho ndege imene anakwera pochokera ku Mbala ku Zambia inagwa ku Mbuzini m'dziko la South Africa, ndipo iye anafera pomwepo. Anthu okwiya ku Maputo anakaphwanya ofesi ya kazembe wa Malawi. Masiku amenewo nkhondo ya mayiko awiri inali pafupi kwambiri kuposa mmene ambiri a ife tinkadziwira.

Chinapulumutsa zinthu ndi kukambirana. Joaquim Chissano, amene analowa m'malo mwa Samora, anali atakhala nduna yoona za ubale ndi mayiko akunja kwa zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti mnansi sungamusamutse. Mu Disembala 1986 maboma awiriwa anasainirana pangano la chitetezo. Mu 1987 asilikali a Malawi analowa mu Mozambique kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena mwa iwo anafera komweko. Mu 1988 Chissano anadzacheza ku Malawi. Sikuti chikondi chinabwera mwadzidzidzi ayi. Aliyense ankayang'ana mnzake ndi diso limodzi, koma onse anaona kuti kudana kukuwadyera zambiri.

Pamene maboma ankayezana chonchi, anthu wamba anali atayamba kale kuthandiza popanda kusaina pepala lililonse. Kuyambira 1986 othawa nkhondo anakhamukira ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mangochi ndi maboma ena. Pofika 1992 anaposa 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanakhale m'makampu otchingidwa, anangomanga tizisakasa m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa M1, umene m'malo ena ndiwo malire enieni. Ukaima pa msewupo, mbali ino unkaona utsi wa anthu akuphika ndi ana akusewera, mbali inayo masitolo a Apwitikizi opanda madenga, udzu utamera m'kati. Mfumu inkaloza pomanga, mayi ankagawana ndi mlendo mtondo ndi chitsime. Mabungwe a UNHCR, World Food Programme ndi Red Cross anabwera ndi makadi olandirira ufa, nandolo, mafuta ophikira ndi mchere, ndipo thandizo limenelo linapulumutsa miyoyo yambiri. Koma malo ogona, nkhuni ndi madzi zinachokera kwa anthu osauka anzawo. Ine ndikaganiza za thandizo limene Mozambique inalandira kuchokera kunja, ndimayamba kuwerenga ili, chifukwa ndi lokhalo limene linabwera lisanafunse kuti lidzabwezedwa liti.

(NYIMBO YAIFUPI)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za mmene mayiko anathandizira Mozambique nkhondo itatha.

Mtendere sunabwere msanga. Mu Juni 1990 panakonzedwa zoti mbali ziwirizi zikumane ku Blantyre, koma msonkhanowo unalephereka. Mwezi wotsatira zokambirana zinayamba ku Rome, m'nyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio, lomwe lija ena mumalidziwa chifukwa cha zipatala za DREAM ku Balaka ndi ku Blantyre. Amkhalapakati anali Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Andrea Riccardi ndi bambo Matteo Zuppi a Sant'Egidio. Anakambirana kwa zaka ziwiri ndi miyezi, chilala cha 1992 chikufooketsa mbali zonse. Pa 4 Okutobala 1992 Chissano ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasaina pangano la mtendere. Akuti anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi nkhondo ndi njala imene nkhondoyo inadzetsa.

Tsopano tamverani chimene chinachititsa mayiko othandiza kuyenda mosamala. Masiku omwewo ku Angola kunali kutachitika chisankho mu Seputembala 1992, asilikali a mbali zonse asanatule zida. Jonas Savimbi, mtsogoleri wa gulu limene linkamenyana ndi boma, atagonja anakana zotsatira, nkhondo inayambiranso, ndipo inapha anthu ambiri koposa. Bungwe la United Nations linaphunzirapo. Litakhazikitsa ntchito yake ku Mozambique mu Disembala 1992, yotchedwa ONUMOZ, motsogoleredwa ndi Aldo Ajello wa ku Italy, linaumirira mfundo imodzi: chisankho chisachitike asilikali asanasonkhanitsidwe ndi kubwerera kwawo. Chisankho chimene chinayenera kuchitika mu 1993 chinasunthidwa ndi chaka chathunthu. Asilikali osungitsa mtendere oposa 6,000 anagawidwa m'njira zikuluzikulu: a Italy m'njira ya Beira, a Botswana m'njira ya Tete imene malole athu amadutsa, a Bangladesh m'njira ya Nacala, a Zambia ndi a Uruguay m'njira za kumwera kwa dzikolo. Asilikali a Zimbabwe anatuluka mu 1993, a Malawi nawonso anabwerera kwathu chaka chomwecho.

Kusamala kumeneku kunali ndi nzeru, ndipo kumaoneka bwino tikayang'ana msilikali mmodzi. Tiyerekeze mnyamata amene anagwidwa ali wamng'ono, wakulira m'tchire, sadziwa ntchito ina koma mfuti. Akafika pa malo osonkhanira ankalembetsa dzina ndi kupereka chida. Pochoka ankapatsidwa zovala za anthu wamba, khasu, mbewu, chakudya choyambira, ndi galimoto yomufikitsa kudera limene wasankha yekha. Boma linkamulipira miyezi 6, kenako mayiko othandiza anawonjezera miyezi 18. Ndalama yowonjezerayi sankaipereka yonse kamodzi. Ankamupatsa kabuku ka macheke kuti azikatapa ku banki ya m'boma lake miyezi iwiri iliyonse. Pa zaka ziwirizo munthu ankakhala atalima kawiri, mwina atakwatira, atamanga nyumba, ndipo mtima wobwerera kutchire unkazilala. Asilikali pafupifupi 90,000 anabwerera kumudzi m'njira imeneyi. Gulu latsopano la nkhondo linayenera kukhala la anthu 30,000, koma amene analowa sanafike ngakhale theka, chifukwa ambiri anali atatopa ndi mfuti.

Panalinso chinthu china chimene anthu ambiri sanachikonde. Mayiko, makamaka Italy, anasonkha madola pafupifupi 17 miliyoni kuti Renamo isinthe kuchoka ku gulu la nkhondo n'kukhala chipani cha ndale, ikhale ndi maofesi, magalimoto ndi ndalama za kampeni. Kwa mayi amene anaferedwa mwana kapena kudulidwa makutu, zinali zowawa kumva kuti omwe anachita zimenezo akulandira ndalama. Madandaulo amenewo ndi omveka ndipo sitingawachepetse. Komabe tikayang'ana zimene zinachitika ku Angola, ndikuona kuti mtengo umenewo unali wochepa poyerekeza ndi chaka china cha nkhondo. Chisankho chinachitika pa 27 mpaka 29 Okutobala 1994. Dhlakama ananyanyala chisankho chitatsala pang'ono kuyamba, akazembe ndi atsogoleri a m'chigawo chino anamukakamiza, ndipo anabwerera. Chissano anapambana, Frelimo inapeza mipando 129, Renamo 112, ndipo mfuti sizinalirenso nthawi imeneyo.

Othawa nkhondo sanadikire zonsezi. Atangomva kuti ku Rome asaina, ambiri a kuno ku Dedza ndi Ntcheu anayamba kuwoloka okha kubwerera ku Angónia ndi Tsangano, bambo atsogole kukaona munda ndi kumanga, mayi ndi ana atsatire. Anasenza malata, zitseko, miphika, nkhuku m'dengu. Pakati pa 1992 ndi 1995 anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kuchokera ku mayiko 6, ndipo ochuluka mwa iwo anayenda okha, osadikira malole a mabungwe. Anapeza zitsime zokwiririka, sukulu zopanda denga, ndi mabomba okwirira pansi m'njira ndi m'minda. Bungwe la UNHCR linathandiza kukumba mijigo, kukonza misewu ing'onoing'ono, zipatala ndi sukulu. Mabungwe monga Norwegian People's Aid ku Tete ndi HALO Trust kumpoto anayamba kufukula mabomba, munthu atagwada, akufufuza dothi pang'onopang'ono. Ntchito imeneyo inatenga zaka zoposa 20, mpaka mu Seputembala 2015 pamene Mozambique inalengeza kuti minda ya mabomba yodziwika yatha.

(NYIMBO YAIFUPI)

Tsopano tibwere ku mbali imene ine ndikuona kuti kusamalako kunalakwika. Mozambique inalowa m'mabungwe a IMF ndi World Bank mu 1984, ndipo kuyambira 1987 inkatsata ndondomeko yawo ya zachuma. Nkhondo itatha, dziko linkafunika kumanga milatho, kulemba aphunzitsi ndi anamwino ntchito, ndi kubwezeretsa masitolo a kumudzi. Koma IMF inkaumirira kuti boma lisagwiritse ntchito ndalama zambiri poopa kukwera kwa mitengo, ndipo malipiro a ogwira ntchito m'boma anatsika kwambiri. Zinafika poti mu 1995 akazembe ena a mayiko othandiza omwewo anadandaula kuti chingwe chathina mopitirira. Chaka chomwecho World Bank inakakamiza boma kuti lichepetse chitetezo pa mafakitale okonza mtedza wa mbibu, umene ena amati kashu, kuti mtedzawo uzigulitsidwa kunja wosakonza. Anati alimi apindula. Phindu la mlimi linali lochepa, pamene mafakitale ambiri anatsekedwa ndipo anthu pafupifupi 10,000, ambiri mwa iwo amayi, anachotsedwa ntchito. Pamwamba pa zonsezi dziko linkabwezabe ngongole zakale, mpaka mu 1999 pamene gawo lalikulu linayamba kukhululukidwa. Ndalama zimene zimalonjezedwa pa misonkhano ya mayiko othandiza ku Rome kapena ku Paris zimamveka zambiri pa wailesi, koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Munthu wa ku Domwe ankawerenga mjigo umene wakumbidwa, osati lonjezo.

Ndipo pamene panafunika kusamala koposa, pa mfuti zenizenizo, ntchito inasiyidwa pakati. ONUMOZ inachoka chisankho chitangotha, zida zambiri zili zobisidwa m'tchire, zina zosungidwa m'nyumba zosalonderedwa bwino. Mfuti za AK-47 zinayamba kuwoloka malire, ndipo umbava wa mfuti umene unakula m'Malawi zaka za m'ma 1990 ena mukuukumbukira. Mipingo ya ku Mozambique, motsogoleredwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, inayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Inali ntchito yabwino, koma siikanatha kutolera zonse. Renamo inasunga amuna ena a zida, ndipo mu 2013 kuwomberana kunayambiranso m'chigawo chapakati. Mu 2015 ndi 2016 anthu zikwi zambiri anathawiranso kuno, ku Kapise m'boma la Mwanza, kenako anasamutsidwira ku Luwani ku Neno. Pangano lina linasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019 pakati pa pulezidenti Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade, mtsogoleri watsopano wa Renamo, zaka 27 chisainidwireni la ku Rome.

Sindikunena kuti wothandiza azingopereka maso ali tsinzi. Mu 2016 kunaululika kuti akuluakulu ena a boma la Mozambique anatenga mobisa ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo mayiko anaimitsa thandizo lopita m'thumba la boma. Kufunsa kumene ndalama yapita n'koyenera. Funso langa ndi lakuti kusamalako kukuteteza ndani. Kudikira kuti asilikali atule zida chisankho chisanachitike kunateteza munthu wa kumudzi. Kumana sukulu aphunzitsi ndi kutseka mafakitale kunateteza mabuku a ongongoza, ndipo amene analipira ndi munthu yemweyo amene nkhondo inamusiya wopanda kanthu.

Ife Amalawi tikudziwa kulemera kwa dzanja la othandiza. Mu Meyi 1992, patangopita miyezi iwiri chiwerengereni kalata ya maepiskopi, mayiko atakumana ku Paris anaimitsa thandizo la chitukuko ku Malawi mpaka ufulu wa anthu utalemekezedwa, ndipo izi zinathandiza kuti pa 14 Juni 1993 tivote pa riferendamu. Mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, pamene asilikali ankalanda zida za a Payoniya, a Payoniya ambiri anathawira ku Mozambique, zomwe zinadzutsanso kukayikirana kwakale pa nthawi imene anansi athu ankakonzekera chisankho chawo. Maboma awiriwa anayenera kukhalanso pansi. Alendo athu atapita, thandizo lalikulu linawatsatira kwawo, monga kunali koyenera, koma mapiri amene anatha mitengo m'maboma a kumalire anatsalira ife. Madzi osefukira amene amatsika m'mapiriwa nthawi ya dzinja n'kukokolola minda ndi milatho kuchigwa kuno amatikumbutsa kuti kubwezeretsa mitengo ndi ntchito imene sinathe, ngakhale kuti odula si othawa nkhondo okha.

Zipatso za mtendere wa anansi tikuziona. Mbatata ya kachewere, nyemba ndi chimanga zochokera ku Angónia zimadzaza misika ya kumalire monga Lizulu ndi Tsangano, zina n'kutsika nazo Khwekhwerere kudzafika ku Golomoti. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa m'dziko lathu kupita ku Nacala. Mu Epulo 2022 apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Filipe Nyusi anakhazikitsa pa Phombeya ku Balaka ntchito yolumikiza magetsi a mayiko awiriwa kuchokera ku Matambo ku Tete. Koma mtenderewo ngosalimba. Kumpoto ku Cabo Delgado kuli nkhondo ina kuyambira 2017, ndipo kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho zitabuka, mabanja ambiri anawolokeranso ku Nsanje.

Nthawi yathu yatha, koma ndili ndi pempho. Aphunzitsi a m'sukulu za kuno, nkhani iyi musaiphunzitse ngati ya kutali. Tumani ana akafunse agogo awo ndi mafumu: anafika ndani m'mudzi mwathu zaka zimenezo, anagona kuti, anapita liti, alipo amene anatsala n'kukwatira konkuno? Ndipo inu abambo amene munalondera njanji ya Nacala, inu amayi amene munalandira alendo pakhomo panu, kapena amene munali alendowo, tilembereni kapena mubwere kuno ku wailesi, tidzakupatseni mpata mufotokoze nokha. 

(NYIMBO YOTSEKERA)